Kuwerenga Chipilala cha pa Feira

M'magazini ino tinazolowera kuunika mabuku, ndakatulo ndi masewero, koma lero ndabweretsa cholembedwa chopanda chikuto, chimene simungachipeze m'sitolo ya mabuku. Chili pa chipilala cha chikumbutso pa boma la Luangwa, malo amene mpaka 1964 ankatchedwa Feira. Mawu ake ndi ochepa, oti munthu amawamaliza ali chiimire padzuwa, koma ali ndi zonse zimene buku la mbiri limakhala nazo: mlembi, anthu otchulidwa maina, anthu osatchulidwa, poyambira ndi pothera. Owerenga ake ndi ochuluka kuposa a mabuku athu ambiri a Chinyanja, poti mwana wa sukulu, wantchito wa boma wongotumizidwa kumene ndi mlendo wodzaona malo, onse amaimitsidwa pamenepo n'kuuzidwa kuti mbiri ya malo ano ndi imeneyi. Cholembedwa champhamvu chotere chiyenera kuunikidwa monga zina zonse.

Kwa amene simunafikeko, njira yake ndi iyi. Mukachoka mu Lusaka pa Great East Road, mumayenda makilomita opitirira 200 kudutsa Chongwe, Rufunsa ndi mapiri okhotakhota aja a Manenekera, mpaka pa msika wa nsomba zouma ndi madengu pafupi ndi mlatho wa Luangwa. Musanawoloke mlathowo mumakhotera kudzanja lamanja, ndipo msewu umatsata mtsinje kulowera kummwera makilomita pafupifupi 90 kufikira uthere m'madzi. Pamenepo Luangwa amathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa kukuoneka Zumbo wa ku Mozambique, ndipo chakumtunda pang'ono, kutsidya kwa Zambezi, kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Apa ndiye potsikitsitsa pa dziko lonse la Zambia, mamita 329 chabe kuchokera pa mlingo wa nyanja, n'chifukwa chake mu Okutobala kutentha kwake kumachita ngati kukupanikiza pachifuwa.

Feira ndi liwu la Chipwitikizi lotanthauza msika. Dzinali linachotsedwa pa tauni, koma silinafe. Dera la phungu wa ku Nyumba ya Malamulo likutchedwabe Feira, ndipo eni ake ukawafunsa kwawo amayankha dzina lomwelo. Ife a m'Zambia timakonda kunena kuti dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndiye timaona ngati nkhani za madoko, zombo ndi akapolo ndi za anzathu a ku Mombasa ndi Zanzibar. Feira amatitsutsa. Kwa zaka zoposa 100 malo ano anali khomo lotulukira kunyanja. Minyanga ya njovu, golide ndi mkuwa zinkakwera m'mabwato pano, kusenzedwa pamutu polambalala mathithi a Cahora Bassa, kutsikira ku Tete ndi ku Sena mpaka ku Quelimane, ndipo nsalu ndi mikanda zinkabwera njira yomweyo. Amalonda a ku Goa ankalidziwa dzina la Zumbo mzinda wa Lusaka usanalotedwe n'komwe.

Nkhani imene chipilalachi chimakamba, komanso imene timabwereza m'makalasi ndi m'timapepala ta alendo, mwachidule ndi iyi. Apwitikizi anafika namanga malo a malonda pano ndi kutsidya ku Zumbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Wansembe wa chipani cha Dominiko, Pedro da Trindade, anamanga tchalitchi. Malonda anakula, kenako anayamba kuzilala. Mu 1804 Mfumu Mburuma inathira nkhondo Zumbo, ndipo pofika cha m'ma 1830 amalonda anali atachoka m'malo onse awiri. Mu 1856 David Livingstone anadutsa napeza mabwinja ndi belu losweka. Mu 1887 John Harrison Clark, wodziwika kuti Changa Changa, anadzakhazikika pano. Mu 1902 kampani ya British South Africa inatsegula boma, Feira nakhala malo odutsira ofunika, kufikira njanji itadzera kwina n'kukokera anthu ndi katundu kumeneko.

Ndiyambe ndi kuyamikira, poti wounika amene amangolusa sathandiza. Mlembi wa mawuwa ankadziwa ntchito yake. Anapanikiza zaka mazana angapo m'ziganizo zochepa popanda kusokoneza owerenga, ndipo nkhani yake ili ndi kayendedwe kokoma, kukwera n'kugwa, kukweranso n'kugwanso, ngati madzi a mtsinje womwewo. Sadzitama, sakuwa. Mu Lusaka tili ndi zikwangwani za chikumbutso zambiri zimene zimangotiuza dzina la bwana amene anadzatsegula nyumba, osatiuza kanthu za nyumbayo. Chipilala cha pa Feira chimayesa kuphunzitsa, ndipo chimaphunzitsira pamalo penipeni pamene zinthuzo zinachitikira. Mwana akawerenga za Zumbo amangotukula maso n'kumuona Zumboyo. Palibe buku la m'kalasi limene lingachite zimenezo.

Koma tiyeni tichite zimene timauza ana pa phunziro la chilankhulo: pezani mneni, kenako pezani mwininkhani wake. Amene amafika ndi Apwitikizi. Amene amamanga ndi wansembe. Amene amaona ndi Livingstone. Amene amakhazikitsa bata ndi Clark. Amene amatsegula boma ndi kampani. Aneni onse omanga ndi olongosola ali m'manja mwa alendo. Mwini dziko akaloledwa kukhala mwininkhani, mneni amene wapatsidwa ndi wophwanya. Mfumu Mburuma imalowa m'nkhani ngati chimphepo, kugwetsa zimene ena anamanga, n'kutuluka osafunsidwa chifukwa. Palibe bodza lililonse m'chiganizo chimenecho, poti nkhondo ya 1804 inachitikadi. Vuto lili pa kagawidwe ka ntchito m'nkhani yonse. Mwana wa Chinsenga wa m'dera la Mfumu Yaikulu Mburuma akawerenga, chimene amatola n'chakuti makolo ake analipo kuti asokoneze mbiri ya anthu ena.

Chonsecho msika wa Zumbo sunkayenda ndi mphamvu za Apwitikizi okha. Unali pa nthaka ya eni ake, ndipo amalonda ankayenera kupereka mphatso ndi misonkho kwa mafumu ozungulira kuti akhale mwamtendere. Golide wambiri ankachokera kummwera kwa Zambezi, m'dziko la Changamire wa Arozvi, amene sankalola Apwitikizi kuponda m'dziko lake. Choncho oyenda maulendo enieni a malonda anali anthu akuda, otchedwa vashambadzi m'Chishona, amene ankasenza nsalu ndi mikanda kupita nazo kutali n'kubwera ndi golide ndi minyanga. Wolemba mbiri wa ku Zimbabwe, Stan Mudenge, anasonyeza kuti Zumbo atapanikizidwa ndi adani m'zaka za m'ma 1700, ankhondo a Changamire ndi amene ankabwera kudzamuteteza. Ndiye kuti msika umene ukuoneka ngati wa azungu unkadalira chilolezo cha mfumu yakuda, miyendo ya amalonda akuda ndi mikono ya opalasa bwato akuda. Ukadziwa zimenezi, nkhondo ya Mburuma imasintha maonekedwe. Imakhala mkangano wa pakati pa mwini malo ndi mlendo wochita malonda pakhomo pake, mkangano woti munthu angafunse kuti unayamba bwanji ndipo wolakwa anali ndani.

Liwu limene limandivuta koposa m'nkhani ya Feira ndi lakuti malowa anasiyidwa. Limabwera mobwerezabwereza m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo nthawi zonse limatanthauza chinthu chimodzi: azungu anachoka. Mudzi umatchedwa bwinja eni ake akasamuka, osati alendo akatsanzika. Umboni wakuti anthu analipo uli m'buku la Livingstone mwiniyo, Missionary Travels and Researches in South Africa, lotuluka mu 1857. Iye anafika pa mathiriro a Luangwa pakati pa Januwale 1856, akuchokera kumadzulo ndi gulu la anthu amene Sekeletu, mfumu ya Amakololo, anamupatsa. Anaonadi mabwinja a tchalitchi cha miyala ndi belu losweka lokhala ndi zilembo za IHS ndi mtanda. Koma chimene chinamusowetsa tulo usiku umenewo si belu. Anali anthu amoyo, anthu a Mburuma, amene anasonkhana ndi zida ndipo anamubwereka bwato limodzi lokha loti awolokere. M'mawa mwake, katundu ndi anthu ake akuwoloka pang'onopang'ono, iye anatsalira kumbuyo akuonetsa eni dziko wotchi ndi galasi lake kuti mitima yawo ikhale pansi.

Ndime imeneyi ndi imodzi mwa zolembedwa bwino m'buku lonselo, ndipo ndimaiwerengera ana anga a Giredi 11 chaka chilichonse. Livingstone sabisanso chifukwa chimene anthu a m'chigwa ichi ankakayikira mlendo woyera. Amafotokoza za wamalonda wina wa ku Italy amene zaka zingapo m'mbuyomo anakwera mtsinje ndi akapolo ake a mfuti, nagwira anthu ndi kulanda minyanga, mpaka eni dziko anamupha pobwerera. Choncho pa malo amodzi, tsiku limodzi, panali zinthu ziwiri zoti mlembi asankhe: belu losweka la anthu amene anachoka, ndi khamu la anthu amene analipo, okhala ndi mabwato awo, mantha awo ndi zifukwa zawo. Chikumbutso chinasankha belu.

M'zaka zomwezo zimene tikuuzidwa kuti malowa anali osiyidwa, panachitika chinthu chimene chinasintha mbiri ya maiko atatu. Mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo. Anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, natenga ambiri a iwo, asanapitirire kumpoto. Ana awo ndi Angoni a Mpezeni a ku Chipata, amene lero amalankhula Chinsenga, Angoni a M'mbelwa a ku Mzimba, ndi ena a ku Tanzania. Khamu limene limadzaza Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale uliwonse linayambira ulendo wake wa kuno pa magombe amenewa. Kalendala imene imawerenga zaka potsata kufika ndi kuchoka kwa azungu ilibe poika tsiku lotere, poti pa tsikulo panalibe mzungu woti alione.

Mpata wina waukulu uli pakati pa Livingstone ndi Clark, kuyambira 1856 kufika 1887, ndipo pano ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene nafenso timayamba kuyang'ana kumbali. Apwitikizi anabwerera ku Zumbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, koma mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa akuluakulu a nkhondo monga José do Rosário Andrade, wodziwika kuti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wodziwika kuti Matakenya. Anali ndi malinga awo ndi magulu a ankhondo a mfuti otchedwa Achikunda, ndipo ankasaka njovu ndi anthu kukwera Luangwa ndi Zambezi, pakati pa Ansenga, Asoli, Alala ndi Atonga. Dzina la Kanyemba likadali pa mapu, pa chipata cha malire kutsidya kuja, ndipo ambiri amene amadinditsa mapepala awo pamenepo sadziwa kuti akutchula munthu.

Achikunda ndi funso lovuta kwa aliyense wofuna mbiri yokhala ndi oyera mtima mbali ino ndi oipa mbali inayo. Poyamba iwo anali akapolo, ogwidwa kapena ogulidwa kuchokera m'mitundu yosiyanasiyana, kuphatikizapo Achewa, Amang'anja ndi Ansenga, n'kusandutsidwa asilikali pa minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya m'chigwa cha Zambezi yotchedwa prazo. Mindayo itasweka m'zaka za m'ma 1800, ambiri anakwera mtsinje ngati alenje a njovu, opalasa mabwato ndi onyamula katundu, ndipo ena anakhala ogwira anzawo ukapolo. M'kupita kwa nthawi anasanduka mtundu, wokhala ndi chilankhulo chake chofanana ndi Chinyungwe cha ku Tete, miyambo yake ndi mafumu ake. Lero m'boma la Luangwa muli Mfumu Mphuka ya Achikunda, imene anthu ake amachita mwambo wa Dantho, ndi Mfumu Yaikulu Mburuma, imene anthu ake amachita Mbambala. Ana a wogwira ndi ana a wogwidwa anakwatirana kalekale, amapemphera tchalitchi chimodzi ndipo amathamangitsa njovu imodzi m'munda.

Buku limene linalongosola bwino nkhaniyi ndi Slavery and Beyond la Allen ndi Barbara Isaacman, lotuluka mu 2004. Ubwino wake ndi wakuti alembiwo anamvetsera zokamba za nkhalamba za m'chigwa, osangodalira makalata a abwanamkubwa, ndipo sayeretsa Achikunda kapena kuwadetsa. Kuipa kwake si kwa alembi: lili m'Chingerezi cha ku yunivesite, ndipo sindinalionepo mu laibulale ya sukulu iliyonse imene ndaphunzitsapo. Zotsatira zake ndimaziona m'kalasi. Ana ochokera ku Feira, anzawo a mu Lusaka amawaseka ndi nkhani za masau, kutentha ndi ng'ona, ndipo iwo amangoseka nawo, osadziwa kuti kwawo kuli mbiri yozama kuposa ya komboni iliyonse ya mu mzinda uno. Wina nditamufunsa kuti Mchikunda ndi ndani, anayankha kuti ndi munthu wodziwa kupalasa bwato. Sananame, koma anapatsidwa tsamba limodzi la buku lalikulu.

Anthu awiri amene chikumbutso chimawalemekeza nawonso ayenera kuonedwa mbali zonse. Pedro da Trindade anamangadi tchalitchi, ndipo anakhala pa Zumbo zaka zambiri mpaka imfa yake chapakati pa zaka za m'ma 1700. Koma olemba mbiri ya chigwa cha Zambezi amamudziwanso ngati mmodzi wa amalonda olemera a pamalopo, mwini akapolo ambiri amene ankamukumbira golide. Miyala ya tchalitchi chija inasenzedwa ndi anthu, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa iwo amene dzina lake lili pa chipilala. Clark naye anachokera ku Cape Colony, nasonkhanitsa gulu lake la ankhondo a Chinsenga, nayamba kukhometsa msonkho ndi kupereka zilolezo kwa amalonda ngati kuti ndi boma. Zimanenedwa kuti ankalimbana ndi ogwira akapolo, ndipo ngati anapulumutsa midzi ina, ulemu umenewo asalandidwe. Komabe munthu wakuda akasonkhanitsa mfuti n'kumatolera msonkho, mabuku amamutcha chigawenga, pamene Clark pa ntchito yofananayo amatchedwa wosunga bata. Chomvetsa chisoni pa iye n'chakuti kampani ya Rhodes itafika sinazindikire ufumu wakewo, ndipo anamwalira mu 1927 ku Broken Hill, Kabwe wa lero, ali munthu wamba.

Chikumbutso china cha pa Feira sichinalembedwe ndi munthu. Pa boma pali mlambe waukulu umene eni malo amauloza n'kunena kuti pamenepo ndi pamene akapolo ankasonkhanitsidwa asanawolotsedwe. Mtengo ulibe madeti, ndipo wokonda mapepala adzanena kuti zimenezo ndi zongomva. Ine ndimaona kuti mtengowo ndi chipilala zikutsutsana mwaulemu, chimodzi chikuwerenga zaka za amalonda, china chikusunga malo a ogulitsidwa. Ku Zanzibar, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chinamangidwa pa msika wakale wa akapolo, mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, anaumba mu 1998 zifanizo za anthu oimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Munthu amafika pamenepo n'kusowa chonena. Sindikunena kuti tikope zimenezo, poti chisoni chobwereka sichikhala bwino pathupi. Ndikungoti kumene anthu a kuno ankathera kuli chowakumbukira, pamene kumene ankachokera tawasiyira mtengo wokha.

Kumtunda kwa Zambezi, m'boma lomweli, kuli Kavalamanja. Pa 6 Malichi 1978, patangopita masiku atatu Ian Smith atasainirana pangano ndi Abel Muzorewa, Ndabaningi Sithole ndi Jeremiah Chirau, asilikali a Rhodesia anawoloka ndi ndege ndi mahelikopita kudzaphwanya msasa wa ankhondo a ZIPRA a Joshua Nkomo. Anafa omenyera ufulu a ku Zimbabwe, asilikali a Zambia ndi anthu a m'midzi, ndipo mabanja a ku Kavalamanja ndi Kakaro anathawa kusiya nyumba ndi minda. Nkhaniyi inafika mpaka ku New York, kumene bungwe la chitetezo la United Nations linadzudzula chiwembucho pa 17 Malichi m'chigamulo chake cha nambala 424. Masiku ano kumachitika mwambo wokumbukira mu Malichi, ndipo akuluakulu a Zambia ndi Zimbabwe amapita kukaika nkhata za maluwa.

Kavalamanja ndi chikumbutso chathu, chomangidwa ndi ife titadzilamulira, ndiye n'chimene chingatiuze ngati tinaphunzirapo kanthu pa zofooka za chipilala cha atsamunda. Mbali ina tinaphunzira: aneni tsopano ali m'manja mwa anthu akuda, amene anamenya nkhondo, anateteza dziko, anafera anzawo. Koma ndikamawerenga malipoti a mwambowu m'manyuzipepala, ndimaona kachitidwe kakale kakubwerera m'zovala zatsopano. Otchulidwa maina ndi nduna, akazembe ndi akuluakulu a asilikali. Mayi amene anabereka mwana kumsana n'kuthawira m'mapiri, msodzi amene bwato lake linali pamadzi m'mawa umenewo, amalowa m'nkhani ngati gulu lotchedwa anthu a m'midzi, monga momwe opalasa bwato a mu 1750 analowera. Kusiyana kwake n'kwakuti a 1978 ambiri akali moyo. Amene anali ndi zaka 15 tsiku limenelo lero ali m'zaka za m'ma 60, ndipo angathe kukamba okha, m'chilankhulo chawo, wina atapita ndi foni yojambulira mawu n'kukhala pansi.

Zina zoona m'derali ndingozidutsa, poti otsatsa malo amazikamba kale mokwanira. Pa msewu wochokera ku mlatho pali mishoni ya Katondwe ndi chipatala chake, imene chiyambi chake ndi ansembe a Chijezwiti amene anawoloka Luangwa kuchokera ku Miruru boma latsopano la Portugal litawapitikitsa mu 1910. Pali mvuu, pali ng'ona, pali azungu odzawedza mcheni n'kuubwezeranso m'madzi, chinthu chimene asodzi a pamalopo amachiyang'ana modabwa. Dzuwa likamalowa pa mathiriro, madzi a mitsinje iwiri amaoneka mitundu iwiri asanasakanikirane. Koma choyenera kuona kwenikweni ndi doko m'mawa. Mabwato amafika kuchokera ku Zumbo ndi kumunsi ku nyanja ya Cahora Bassa atadzaza mitolo ya pende wouma, ndipo amabwerera ndi shuga, sopo, mafuta ophikira ndi malata. Amayi amatsatsa masau m'mabeseni. Pamamveka Chinsenga, Chikunda, Chinyanja, Chishona ndi Chipwitikizi, ndipo kwacha ndi meticais zimasinthana manja popanda wofunsa banki. Msika umene tikuuzidwa kuti unatha njanji itadzera kwina ukuchitika mamita owerengeka kuchokera pa mawu olengeza kutha kwakewo.

Anzanga ena mu sitafurumu amati yankho ndi losavuta, chipilalacho chigwetsedwe monga ophunzira a pa yunivesite ya Cape Town anachotsetsa chifanizo cha Cecil Rhodes mu Epulo 2015. Ine sindigwirizana nawo. Chifanizo cha Rhodes chinali cholemekeza munthu, pamene ichi ndi cholembedwa, ndipo cholembedwa chokondera timachiyankha ndi cholembedwa china. Ndiponso chipilalachi tsopano chasanduka umboni pachokha, wosonyeza mmene olamulira a nthawi ija ankaonera dziko lino. Mphunzitsi wa mbiri sangapeze chida chabwino kuposa chimenechi chophunzitsira mwana kufunsa kuti walemba ndani, walembera yani, wasiya chiyani. Mantha anga enanso ndi akuti tikachigwetsa tidzaikapo china chonena kuti makolo athu onse anali ngwazi zokana ukapolo, Kanyemba ndi Matakenya n'kusowanso kachiwiri, ulendo uno pobisidwa ndi ife.

Chimene ndingapemphe a National Heritage Conservation Commission, amene lamulo la 1989 linawapatsa udindo wosamala malo otere, ndi cholembedwa chachiwiri pambali pa choyambacho. Chakale chisiyidwe mmene chilili, koma chilembedwe pansi kuti chinaikidwa liti ndipo ndi yani, monga buku lililonse limakhala ndi dzina la mlembi ndi chaka. Chatsopanocho chikhale m'Chinsenga, Chikunda ndi Chinyanja, Chingerezi chibwere pambuyo. Pakali pano gogo amene agogo ake anapalasa mabwato a Matakenya amafunika mdzukulu wa sukulu kuti amumasulire mbiri ya pakhomo pake, ndipo mdzukuluyo amamasulira mawu a mlendo. Chilowemo chaka cha 1835. Alowemo vashambadzi, opalasa mabwato ndi ogulitsidwa. Mlambe uja utchulidwe.

Kulemba mawu amenewo sikudzakhala kophweka, ndipo sikuyenera kuchitikira mu ofesi mu Lusaka ndi anthu onga ine. Padzafunika nduna za Mfumu Yaikulu Mburuma ndi za Mfumu Mphuka pa mphasa imodzi, aphunzitsi a m'boma lomwelo, ansembe a ku Katondwe, mwinanso akuluakulu ochokera kutsidya ku Zumbo, poti theka la nkhaniyi ndi lawo. Za 1804 ndikuganiza kuti adzamvana msanga, aliyense adzafuna kuti chifukwa cha nkhondo ija chilembedwe. Pamene adzachedwe ndi pa zaka za pakati pa 1860 ndi 1890, posankha mneni woti aike pambuyo pa dzina lakuti Achikunda, ana a mbali zonse ziwiri atakhala pomwepo akumvetsera.